Kampata ka Bambo

Chipinda cha mano pachipatala cha Dedza
chimazizira kuposa panja.
Ndagona pampando wopendekeka uja, juzi mpaka m'khosi,
a Mbendera akundiunika m'kamwa
ngati wokhoma zidebe akusaka podontha.
"Mano onsewa ngamoyo, Nangozo. Chikupweteka n'chiyani?"
Ndati palibe. Mungonditsekera apa.

Ati njira zilipo.
Yoyamba ndi waya: timabatani pa dzino lililonse,
kumanga, kukoka pang'onopang'ono
monga amakokera ng'ombe ziwiri zokana goli.
Chaka ndi theka, mwina ziwiri,
mwezi ndi mwezi ulendo wa ku Lilongwe kukakungitsa,
chimanga chootcha cha pa Chimbiya
muzingochipatsa moni pawindo la minibasi.
Mukachotsa wayayo musati mwathana nazo,
usiku muzivalabe kogwirira,
poti mano sayiwala kwawo.

Ina njachangu, kumata.
Kaphala koyera uku ndi uku, kuumitsa ndi katochi,
mulowa m'mawa, masana mwatuluka muli wina.
Koma tiyi amakadetsa,
ndipo mzimbe mudzausiya.
Ina, kupala mano awiriwa n'kuwaveka zikuto zonyezimira.
"Chopalidwa sichimeranso," atero,
"ine dzino lamoyo ndimalimvera chisoni."
Akweza mlomo wanga ndi chala cha golovesi:
kamnofu aka katsika kwambiri,
mwina n'kuyamba takadula.

Ndawafunsa za mphira,
ija Velina wa ku saluni amati ungokulunga pogona.
Avula magalasi.
"Imakwera n'kubisala mu usinini, imadya muzu.
Mudzabwera ndi mano awiri m'kampango.
Kampata kadzasanduka chipata."

Mtengo andilembera kuseri kwa kapepala.
Ine ndauwerenga m'matumba a mbatatesi:
munda wonse wa ku Bembeke, ndi mbewu yomwe.

Chimene sindinawauze ndi ichi.
Mwezi wa Juni tinaika bambo.
Pamanda panafika mnyamata wa jekete lobwereka,
akuti wachokera ku Mphate, dzina lake Gedioni.
Sanalire mokweza, sanapemphe kanthu.
Anangoti pepani,
ndipo mlomo utatseguka
azakhali anagwetsa chitenje paphewa.
Mayi anayang'ana iye, anayang'ana ine,
kenako anayang'ana dothi.
Panalibe wofunsa kalata.

Zaka makumi atatu ndakhala ndikunyada nako.
Kusukulu ankati kampata n'chiphaso,
anyamata a kabaza ankalakwitsa chenji ndikaseka.
Bambo ankaimbira mluzu pomwepo
potsika phiri ndi nkhuni panjinga,
ine n'kuyankha ndi wanga tili pakhomo,
ndimvekere chinenero ichi n'cha awiri basi.
Kani anagawako kwina.
Tsopano ndikatsuka mano pagalasi
ndimaona khomo limene munthu ankatulukira usiku.

"Ganizani kaye," atero a Mbendera,
"si matenda. Sikathawa."

Panja nkhungu yameza phiri mpaka m'chiuno.
Mphepo yalowa pomwe imalowera nthawi zonse,
yandizizira lilime.
Pa depoti kamtsikana kogulitsa mapichesi
kandiyang'anitsitsa, kaseka,
kameno kake katsopano kakumera motalikirana,
kakukankha lilime pampatapo ngati kapeza ndalama.

M'thumba muli mapepala awiri.
Lina la mitengo ya waya, phala ndi zikuto.
Lina linang'ambidwa ku kope,
nambala ya foni yolembedwa ndi pensulo,
analisiya m'manja mwanga tikumwazikana pamanda.
Onse ndawapinda pamodzi, akhala akukhuzana.

Kondakitala akuitana, Bembeke, Bembeke, mmodzi yekha.
Dalaivala wayamba kunyamuka osandiona.
Ndisanaganize n'komwe
mluzu watuluka wokha,
wakuthwa, wa bambo,
minibasi yaima.